Botolo la Lachinayi

Mayi anga sananditumize ku Perth chifukwa cha nzeru zanga. Ananditumiza chifukwa anatopa. Ndili Fomu 3 ndinasema chidindo cha ahedi pa mbatata, n'kudinda chikalata chonena kuti Lachisanu kulibe sukulu, ndipo theka la ana linakhaladi kunyumba, pamodzi ndi aphunzitsi awiri. Ndili Fomu 4 ndinasoka matumba onse a jekete ya a metroni, iwo n'kumaganiza kuti manja awo atupa. Nditangolemba mayeso, mayi anaimbira mchimwene wawo amene ankayendetsa thiraki ku Australia, ine ndikumvetsera kuseri kwa chitseko.

"Achimwene, mutengeni mtsikanayu. Mwina kwa azungu akaopa."

Pabwalo la ndege mayi analira, ine ndinkaseka. Ndinayamba kulira ndege italowa m'mitambo, pamene panalibe wondidziwa.

Amalume ankakhala ku Armadale, kutali ndi pakati pa tauni, m'kanyumba ka njerwa kokhala ndi shedi ya malata kuseri. Ndi munthu wamtali, woyenda pang'onopang'ono, wa mawu apansi, amene sankaliza injini asanatsinzine kaye n'kupemphera. Masiku atatu pa sabata ndinkakwera sitima kukaphunzira kusamalira okalamba. Masiku enawo ndinkagwira ntchito kumsika waukulu wa pikulitsa ku Canning Vale, komwe amalume ankanyamulako katundu. Ntchito yanga inali kuima pa lamba woyenda n'kumachotsa mbatatesi zowola. M'katimo munkazizira mpaka zala kuchita dzanzi, ukatuluka panja dzuwa n'kukuwamba ngati chimanga. Malipiro akalowa, gawo lina linkapita kwa mayi lisanandizolowere n'komwe.

Pambali panga pankaima ba Mwape, mayi wa ku Lusaka wonenepa bwino, amene anandiphunzitsa kuvala magolovesi awiriawiri ndiponso kugona choimirira popanda supavaiza kudziwa. Ine ndinawabwezera powaphunzitsa kulowetsa timakaroti m'zala za magolovesi a supavaizayo. Tsiku lina ndinajambula nkhope zokwiya pa maungu a bokosi lonse, ndipo wa sitolo amene analandira bokosilo anaimba foni kupempha ena otero. Ba Mwape ankati, "Iwe mwana, uzatipishisa nchito tonse," koma ankatero akupukuta misozi ya kuseka.

Amalume ankamva zonsezi n'kungopukusa mutu. Ankanditcha "mayi", monga amachitira akuluakulu ena kwa mwana wamkazi wa mlongo wawo. "Mayi, tsiku lina mudzaseka nokha." Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sankafuna kuti munthu achiseweretse, ndicho thobwa lawo.

Mawere ankagula m'sitolo ya amwenye, n'kuwaviika, n'kuwayala pa saka yonyowa mpaka amere, n'kuwayanika padenga la shedi, n'kupera okha chimera. Loweruka ankaphika phala la mgaiwa mu poto wamkulu, kulisiya kuti lizizire, n'kuthira chimeracho. Lamlungu tikabwera kutchalitchi ankaliwiritsa, likazizira n'kulithira m'mabotolo anayi apulasitiki. Lililonse ankalimata kapepala: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Onse m'filiji. Lachisanu ankamwa madzi, ndipo dontho lililonse lotsala ankakalithira pa mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba.

Chifukwa cha malamulo onsewa ndinkachidziwa, monga aliyense m'banja mwathu. Ine ndili wamng'ono, amalume anali chidakwa chodziwika ku Kawale konse. Akazi awo, amene ine ndimati azakhali, ankawatola m'ngalande n'kuwakankha pa wilibala ana a aneba akuimba m'mbuyo. Koma chimene chinkawapweteka kwambiri azakhali sichinali wilibala ayi, linali bodza. Munthu akudzandira, fungo likufika kumpanda, koma pakamwa pakuti, "Sindinamwe, ndi malungo." Tsiku lina anasiya. Momwe ine ndinkafika ku Perth n'kuti patapita zaka zisanu ndi zinayi asanalawe. Azakhali anali adakali ku Lilongwe kudikira mapepala, ndipo nthawi imene ndikunenayi mapepalawo anali pafupi kutuluka. Koma anali atanena pamaso pa abale onse kuti akadzangomva kuti amuna awo alawanso, ndege imeneyo sadzakwera.

Zonsezi ndinkazidziwa. Ndikunena kuti wina asandichitire chifundo chimene sindinapemphe.

Munali mu Januwale, mwezi umene kwathu kumagwa mvula koma ku Perth mphepo imakhala ngati yochokera mu uvuni. Lamlungu lina amalume anandisiyira ntchito yothira thobwa m'mabotolo, iwo akuchapa yunifolomu. Ndinadzaza anayi, ndipo m'poto munatsala lokwana lachisanu. Ndinalithira m'botolo lina, ndinawonjezera masipuni anayi a shuga, ndinatseka mwamphamvu, n'kukalibisa m'shedi ya malata, kuseri kwa makina otchetchera udzu. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkapita kukalisisita ngati mwana. Lachitatu linali litalimba ngati mpira wopopa kumene. Ndinalilowetsa m'filiji kuseri kwa kabichi, ndipo Lachinayi m'mawa ndinamatula kapepala pa botolo lenileni n'kukamata pa langa.

Cholinga changa chinali choyera. Ndinkafuna botolo liphulike thovu pa shati ya amalume pamaso pa madalaivala anzawo, basi. Aphunzitsi athu a sayansi anatiuza kuti yisiti akamadya shuga amatulutsa mpweya, ndipo za mpweyazo ndinazigwira bwino kwambiri. Zakuti amatulutsanso chinthu china ndinaziika kumbuyo kwa mutu, kumene ndimaika zinthu zosokoneza mapulani.

Masana kumsika tinakhala pa mapaleti a matabwa kuseri kwa shedi ya mbatatesi, ine, ba Mwape, amalume ndi madalaivala ena awiri. Ndinasuntha pang'ono kuti thovu lisandifike. Amalume anapotokola chotsekera, botolo n'kulira psii. Anatseka. Anatsegulanso pang'ono, n'kutsekanso. Thovu linkakwera mpaka pakhosi pa botolo n'kubwerera, kukwera n'kubwerera, mpaka linatopa. Palibe dontho limene linagwa. Analigwira pafupi ndi chibwano, maso ali kutali komwe kunkadutsa mafokolifiti onyamula katundu, nthawi yaitali ndithu. Kenako anamwa. Anapumira kawiri, kachitatu botolo linali lopanda kanthu.

"Lero kwatentha," anatero, n'kudzuka kupita ku thiraki yawo.

Ndinakhumudwa kwabasi. Masiku anayi a ntchito, osapeza ngakhale tsinya.

Nditatsala pang'ono kuweruka, supavaiza anandiitana n'kundiuza kuti thiraki ya amalume akaitenga ndi dalaivala wina, ndipo ine ndibwerere pa sitima ndekha. Ndinawapeza kunyumba atakhala patebulo, nsapato zili kumapazi, pamkono atamatidwa kathonje.

Anafotokoza okha, mawu ali pansi. Akuyandikira ku Midland anapeza apolisi atatseka njira imodzi, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuuzira m'kachubu koyezera mowa. Kumeneko amatero nthawi iliyonse, sadikira kuti munthu adzandire. Wapolisi wake anali mtsikana, mwina wondiposa ine pang'ono. Anafunsa ngati amwa chilichonse, amalume anati zaka zisanu ndi zinayi sanalawe. Anauzira. Mtsikanayo anayang'ana kamakina, n'kuwayang'ana iwo, n'kuwapempha kuti atsike. Anawatengera m'basi ya apolisi yomwe inaima pambali, n'kuwakhazika kanthawi osadya osamwa kanthu, kuti ngati chinali cha m'kamwa chabe chiuluke. Kenako anauzira m'makina aakulu amene amatulutsa kapepala. Nambala inali yaing'ono, yoti woyendetsa galimoto wamba akanangodutsa. Koma wa thiraki yaikulu lamulo lake ndi ziro.

"Ndinawauza kuti makina anu ndi abodza," amalume anatero. "Ndinakangana nawo mpaka nkhani inafika pa magazi. Atenga m'timabotolo tiwiri. Kena akuti n'kanga, ndikhoza kukayezetsa kwina ndikafuna."

"Ndiye magaziwo anena chiyani?"

"Tidikira. Akuti masabata angapo."

Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira kuti ndinatsegula. Koma chimene chinatuluka chinali chakuti, "Ndikuphikireni tiyi?"

Kampani inawalanda makiyi podikira zotsatira, koma sinawachotse ntchito. Inawaika pa lamba wa mbatatesi, pakati pa ine ndi ba Mwape. Munthu amene ankabweza thiraki yaitali ngati nyumba ndi dzanja limodzi tsopano anavala kaneti ka kumutu n'kumathamangitsana ndi mbatatesi. Manja awo anali aakulu ndi ochedwa, zowola zinkawadutsa zambirimbiri. Ine ndinkaima kumunsi kwawo n'kumazitola mwakachetechete supavaiza asanaone. Ba Mwape anawapatsa magolovesi awo achiwiri.

"Ba malume, musadandaule," ankatero. "Ija mashini inama. Ine muzanga ku Kabwata anadya chabe mabanzi, mashini yakamba ati wamwa. Mabanzi."

"Ku Kabwata kuli makina amenewa?" ndinafunsa.

"Iwe sankha mbatatesi."

Lamlungu, mapemphero atatha, mpingo wonse unasanduka khoti pa tebulo la tiyi. Aliyense anali loya wa amalume. Mayi wina namwino anati ndi matenda a shuga, amatha kusintha mpweya wa munthu. Wina anati ndi mankhwala opaka m'manja aja ophera majeremusi, wapolisiyo ayenera kuti anali atangopaka. Gogo wina amene anabwera kudzalera zidzukulu anati makinawo anapangira mapapo a azungu. Panali bambo wina injiniya wa kumigodi, wa aja amapita pa ndege kukagwira masabata awiri n'kubwera, amene amauzira makina otero m'mawa uliwonse asanalowe pageti. Iye anati anaonapo munthu akugwidwa chifukwa cha mankhwala otsukira m'kamwa.

"Mwamva?" anatero namwino uja. "Ndi zomwezo."

"Koma zimenezo zimatha pakapita mphindi zochepa," injiniyayo anapitiriza. "N'chifukwa chake amakudikiritsa n'kukuyezanso. Kachiwiri kaja sikanama kawirikawiri."

Anthu anamuyang'ana ngati waponda mbale ya masikono. Anakonza pakhosi n'kunena kuti komabe makina ndi makina. Amalume anali atakhala pakona, kapu ili m'manja, osamwa.

Ine pa sitima ndinasanduka wophunzira wakhama kuposa momwe ndinalili zaka zinayi zonse za sekondale. Ndinawerenga pa foni chilichonse chokhudza makinawo, kufunafuna khomo lothawira. Ndinapeza kuti kamakina ka pamsewu kamangoloza, aakulu aja ndiwo amatsimikiza, ndipo amayesedwa kawirikawiri kuti asasochere. Ndinapeza kuti sayeza fungo ayi, amayeza mpweya wochokera pansi pa mapapo, pamene magazi amatulira zimene anyamula. Magaziwo ndiye alibe nazo ntchito zoti watsuka m'kamwa ndi chiyani. Chimodzi chokha chinandipatsa chiyembekezo. Akuti magazi nawo akasungidwa molakwika, pamalo otentha, amatha kuwira okha m'kabotolo n'kupanga mowa umene munthu sanamwe. Ndinasangalala masiteshoni awiri. Pa siteshoni yachitatu ndinawerenga kuti m'kabotolomo amaikiratu mankhwala oletsa zimenezo, n'kukasunga pozizira. Anthu aja anaganiza zonse. Sanaganize za ine yekha.

Nkhani inafika ku Kawale masiku awiri asanathe. Amalawi a ku Perth ndi ochepa, koma mafoni awo ndi aatali. Azakhali anatumiza uthenga wa liwu limodzi: "Ndamva." Kuchokera pamenepo sanayankhenso foni.

Amalume ankaimbabe. Tikaweruka cha m'ma faivi, kwathu kuli m'mawa chakumasana, ankasamba, kuvala shati yoyera ngati akupita kukaonekera, n'kukhala pakhonde. Ankaimba kamodzi, foni n'kulira mpaka kudukiza yokha. Ankaiika pabondo n'kukhala choncho mpaka mbalame zoyera zaphokoso za kumeneko zitadutsa kupita kumitengo yawo. Kenako ankalowa n'kundifunsa ngati ndadya. M'mawa uliwonse ndinkapezabe kabokosi kanga ka chakudya katakonzedwa, dzira litasendedwa kale chifukwa ankadziwa kuti zala zanga zimakhala zozizira. Thobwa sanaphikenso. Mabotolo anawatsuka n'kuwaika pamwamba pa kabati.

Kalata inabwera patapita masabata atatu. Magazi anagwirizana ndi makina.

Ampingo sanagonje. Anabwera atatu kunyumba Loweruka m'mawa kudzanena kuti kabotolo kachiwiri kaja akayezetse kwina, ndipo wina akudziwa loya wabwino. Amalume anawathokoza, anawapatsa tiyi, n'kunena kuti, "Musavutike, abale. Kasiyeni kabotoloko." Anthuwo anachoka akunong'onezana kuti munthuyu wataya mtima.

Masana ake ndinawapeza kuseri akuthirira mtengo wa mandimu ndi payipi. Ndinaima patali pang'ono, poti madzi sangandifike.

"Amalume, ndili ndi mlandu."

"Wina?"

"Womwewu."

Ndinafotokoza zonse, botolo lachisanu, shedi, kabichi, kapepala. Ndivomere kuti pofika pa kabichi mawu anga anayamba kumveka ngati a munthu wonyadira, chifukwa pulaniyo payokha inali yabwino. Amalume anatseka madzi, anakulunga payipi bwinobwino, n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Shuga masipuni angati?"

"Anayi."

"Odzaza?"

"Odzaza."

Anagwedeza mutu ngati mmisiri amene akuona ntchito ya mnzake. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, chifukwa kukalipiridwa ndiye ndinakuzolowera, ndimadziwa poika nkhope.

"Ndiwaimbira azakhali pa foni yanga," ndinatero. "Ine andiyankha. Ndiwauza kuti ndi ine. Kukhoti ndikanenanso. Inu simunadziwe kanthu."

"Mayi, dikirani."

Koma ine ndikaganiza chinthu chala chimakhala chitadina kale. Foni inalira kawiri, azakhali n'kuyankha. Ndinaika poti tonse tizimva.

"Iwe, kuli bwanji kumeneko? Akutuma?"

"Sanandituma, azakhali. Ndikufuna ndikuuzeni chimene chinachitika. Amalume sanamwe mowa. Linali thobwa. Ndinalisasitsa ndine."

Chakutali kunkamveka wailesi ndi munthu wogulitsa makala akuitanira. Azakhali anaphika thobwa la pa maukwati ndi pa maliro kwa zaka zambiri ku Kawale, ndipo anayamba kundifunsa ngati momwe wapolisi uja akanayenera kufunsira.

"Chimera cha chimanga kapena cha mawere?"

"Cha mawere."

"Linagona kangati?"

"Kanayi. Katatu m'shedi, kamodzi m'filiji."

"Shedi yamtundu wanji?"

"Yamalata."

"Kumatentha bwanji kumeneko?"

"Kuposa ku Nsanje."

"Unathira shuga?"

"Masipuni anayi."

"Botolo ukaligwira linkabonyoka?"

"Ayi, linali gwa."

"Potsegula linalira?"

"Linalira nthawi yaitali. Koma silinatayike, amalume anatsegula pang'onopang'ono, kutsegula n'kutseka, kutsegula n'kutseka."

Nditangotero ndinaona amalume akutsinzina.

"Kutsegula n'kutseka," azakhali anabwereza. "Ali pomwepo?"

"Ali pompano."

"Uwapatse."

Ndinawapatsa foni. Anailandira ndi manja awiri.

"Abambo a Tadala."

"Ndikumva, mayi a Tadala."

"Mwanayu wanena zake, ndipo ndamukhulupirira, chifukwa uchitsiru umenewu ndi wake ndithu. Tsopano ndikufunsa inu. Thobwa la mawere, logona katatu m'malata, lothira shuga. Munthu akatsegula, fungo limayamba kufika pati?"

Amalume anayang'ana mtengo wa mandimu. Ine ndinkafuna kulowerera, kunena kuti kunali mphepo, kunali utsi wa mafokolifiti, koma anakweza chala chimodzi ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamvera chala.

"Linafika ndisanamalize kutsegula," anatero. "Ndinalidziwa ngati mawu a munthu amene tinakulira limodzi. Ndinati nditaye. Kenako ndinati ndingolawa kuti nditsimikize. Ndinamaliza botolo."

"Kwa apolisi munati chiyani?"

"Ndinati sindinamwe. Ndinati makina awo ndi abodza. Pakamwa panangoyamba pokha monga kale, ine n'kumatsatira m'mbuyo. Mpaka ndinapereka mkono kuti atenge magazi, ndikudziwa chimene akapeze."

"Kutchalitchi?"

"Ndinangokhala chete, anthu n'kumandinamira okha."

"Nanga kwa ine mukuti chiyani?"

Amalume anapuma.

"Ndinamwa, mayi a Tadala. Ndinamwa ndikudziwa, ndipo nditamwa ndinakwera thiraki ya anthu n'kulowa nayo pamsewu. Makina sananame. Mwanayu anaika botolo, koma wokweza mkono ndinali ine."

Wamakala uja anadutsa n'kupita, mawu ake akuzilala. Ndinaganiza kuti foni yaduka. Ndinasuzumira, masekondi anali akuyendabe.

"Zaka zonse za wilibala zija," azakhali anatero, "mawu amenewo sindinawamvepo ngakhale kamodzi."

"Ndikudziwa."

"Kuchokera tsiku limenelo mwalawanso?"

"Ayi."

"Mukufuna?"

"Tsiku lililonse, cha m'ma thwelofu."



"Mwadya?"

"Sindinadye."

"Kadyeni. Za ndege musandifunse lero. Iwe mtsikana, ukundimva? Uwaphikire amalume ako. Ndipo usathiremo kanthu."

Kukhoti amalume anakana kuti ndikalankhule. Ndinali nditakonzekera bwino, ndinkafuna kupita ndi mabotolo awiri, labwino ndi losasa, kuti woweruza anunkhize yekha. Iwo anati khoti si sukulu yanga. Anavomera mlandu ndi mawu ochepa, analandira chilango chawo, ndipo kampani inawasiya pa lamba miyezi ingapo isanawabwezere makiyi. Lamlungu lotsatira anaimirira pa tebulo la tiyi lija n'kuwauza ampingo kuti asiye kunyoza makina. Gogo wa mapapo a azungu uja sanakhulupirirebe. Ba Mwape atamva nkhani yonse anandimenya ndi golovesi kumutu, kenako anafunsa ngati shedi ija ikadalipo, chifukwa ali ndi alendo mwezi wamawa.

Miyezi imeneyo ndi imene ndimaikumbukira kwambiri ndikaganiza za Perth, kuposa nyanja, kuposa sitima. Nthawi ikamayandikira thwelofu ndinkaona amalume akuyamba kuyang'ana khoma. Ndiye ndinkayambitsa chilichonse. Ndinkawaponyera mbatatesi yooneka ngati mutu wa supavaiza, kapena kuwafunsa mayina a midzi yonse ya pamsewu wa Lilongwe mpaka Mchinji, n'kumawatsutsa dala. Ankakwiya n'kuyamba kuwerenga midziyo pa zala za golovesi, thwelofu n'kudutsa. Madzulo pakhonde foni inayamba kuyankhidwa. Ankakamba za denga lodontha, za Tadala ndi mkazi wake, za mbuzi ya aneba. Za ndege palibe ankatchula. Mapepala anatuluka, amalume anawauza, azakhali anangoti, "Chabwino," n'kufunsa ngati kumeneko kumapezeka bonongwe.

Maphunziro anga atatha, viza nayo inatha. Amalume anandiperekeza ku bwalo la ndege atabwerera kale pa ntchito yoyendetsa thiraki. Anandigwira mutu ndi dzanja limodzi, monga amagwirira chiwongolero, n'kunena kuti, "Mayi, mukapereke moni." Sananene kwa ndani.

Kunyumba ndinapeza mayi atachita imvi kutsogolo konse, ndipo mng'ono wanga, amene ndinamusiya akundiopa, atatalika kundiposa ndipo akuyankha. Mayi anandizungulira kawiri kuyang'ana ngati azungu anandikonza. Anaona okha kuti ndalama ya ndege inapita pachabe.

Tsiku lachitatu ndinakwera minibasi kupita ku Kawale. Ndinkayenda pang'onopang'ono kuchokera pa siteji, chifukwa azakhali ali ndi dzanja lodziwa khutu la munthu. Pakhomo ndinaodira, anayankhira kuchipinda. Pabalaza makatani anali atachotsedwa, ndipo pakhoma panatsala mabala oyera pamene pankakhala zithunzi. Ndinawapeza atagwada pa mphasa akulimbana ndi sutikesi yaikulu imene inkakana kutsekeka. M'mbali munkatuluka nsonga ya chitenje ndi mpini wa mthiko.

Sanadzuke. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Wanenepa. Amalume ako ali bwanji? Usandiuze za pa foni, undiuze zimene unaona ndi maso."

"Akudya bwino. Thwelofu ikamakwana amavutikabe, koma pang'ono. Mukamawatsutsa za midzi ya ku Mchinji zimadutsa."

"Midzi ya ku Mchinji saidziwa n'komwe."

"N'chifukwa chake zimatenga nthawi."

Anaseka pang'ono, kenako anabweza nkhope.

"Ukudziwa kuti ukanapha anthu pamsewu? Ukudziwa kuti ukanathetsa banja langa?"

"Ndikudziwa, azakhali."

"Walapa?"

Ndinaganiza zonama, koma mayi ameneyu anagwira bodza pa foni, kudutsa nyanja yonse ija, pongofunsa za chotsekera botolo.

"Za thiraki ndalapa. Za botolo ayi. Linawira bwino."

Anandigwira khutu, analipotokola mpaka ndinaona nyenyezi masana, kenako anandikokera pansi ndi khutu lomwelo.

"Ndinadziwa. Khala pa sutikesipa, ndege ndi Lachiwiri."

Ndinakhalapo ndi thupi langa lonse la ku Canning Vale, azakhali anakoka zipi, ndipo inatseka.